Chitsanzo si umboni: tizifunsa "chifukwa chiyani?" pa masamu

Anzanga amene mwaima pa bolodi pano, musanathamangire kukagula zigumu ndiyankheni kaye funso limodzi. Tonse a Folomu 2 timadziwa kuti minus kuchulukitsa ndi minus yankho lake ndi plus. Timachita kuyimba ngati ana a sukulu yamkaka. Koma ndani mwa ife angaime kutsogolo, choko chili m'manja, n'kutiuza chifukwa chake? Ine ndafunsa anzanga angapo, ndipo yankho lawo ndi limodzi: "Ndi lamulo basi, aise."

Maganizo anga ndi akuti yankho limeneli ndi lomwe likutipha pa masamu. Timaloweza malamulo a algebra osadziwa kumene achokera, ndiye tsiku la mayeso likafika malamulowo amathawa m'mutu, ife n'kutsala tikutafuna bolopeni. Lamulo lililonse la algebra lili ndi chifukwa chake. Zifukwa zambiri ndi zazifupi moti mwana wa pa CDSS ngati ine ndi iwe atha kuzimvetsa, ndipo ndi ufulu wathu kuzifunsa.

Taganizani za bwalo la amfumu. Munthu akadandaula kuti mbuzi za uje zadya chimanga chake, amfumu sagamula mlandu chifukwa choti wodandaulayo walumbira mokweza. Amafunsa kuti, waziona ndani? Mapazi ake aloza kuti? Umboni ndi umene umagamula. Pa masamu umboni umenewu amautcha proof. Umayamba ndi chinthu chimene tonse tavomerezana kale, n'kumaponda phazi limodzilimodzi, phazi lililonse ndi chifukwa chake, mpaka kufika pamene ngakhale munthu wamakani bwanji alibenso pokanira.

Vuto lathu loyamba ndi lakuti timayesa chitsanzo ndi umboni. Wina akanena kuti odd number kuphatikiza odd number inzake yankho limakhala even number, ife timayesa 3 + 5 = 8, kenako 7 + 9 = 16, n'kunena kuti zatheka, nkhani yatha. Koma manambala alibe malire. Wayesa awiri okha, nanga otsalawo wakuuza ndani?

Mwina mukuti ndikungovuta. Ndiye tamvani izi. Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, amene anakhalako m'zaka za m'ma 1700, amadziwika ndi kasamu aka: n² + n + 41. Ukaika 0 pamalo pa n umapeza 41. Ukaika 1 umapeza 43, ukaika 2 umapeza 47, ukaika 3 umapeza 53. Onsewa ndi ma prime number, kutanthauza manambala oposa 1 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi. Ukapitiriza mpaka 39 umapeza 1601, nayonso prime. Zitsanzo 40 zondondozana, zonse zikuvomereza! Ndani sangalumbire kuti ndi lamulo? Koma ika 40. Yankho ndi 1681, ndipo 1681 ndi 41 × 41. Lamulo lija lagwa chagada. Mboni 40 zanena chimodzi, koma mboni imodzi yokha yagwetsa mlandu wonse.

Nanga za ma odd number zija tingatsimikize bwanji popanda kuyesa mpaka imvi? Apa ndi pamene zilembo zimagwira ntchito. Odd number iliyonse ndi magulu a ziwiriziwiri, n'kutsala chimodzi. Choncho yoyamba tiilembe 2m + 1, yachiwiri 2n + 1. Tikaphatikiza tipeza 2m + 2n + 2, zomwe ndi chimodzimodzi 2(m + n + 1). Nambala imeneyi ndi 2 kuchulukitsa ndi nambala ina yathunthu, ndiye ndi even number, kaya m ndi n akhale chiyani. Mizere itatu yokha tagwira manambala onse, ngakhale amene sanalembedwepo ndi munthu. Ambiri timadana ndi x ndi y, timati masamu anaipa tsiku limene analowetsamo alifabeti. Koma chilembo chimakuthandiza kuti usavutike kuyesa nambala imodziimodzi mpaka kalekale.

Tsopano tibwerere kwa minus uja. Tiyambe ndi chinthu chooneka chopusa: n'chifukwa chiyani nambala iliyonse kuchulukitsa ndi 0 yankho ndi 0? Tonse tikuvomereza kuti 0 + 0 = 0. Ndiye a × 0 ndi chimodzimodzi a × (0 + 0). Tikatsegula mabulaketi tipeza kuti a × 0 = a × 0 + a × 0. Tichotse a × 0 mbali zonse ziwiri. Kumanzere kwatsala 0, kumanja kwatsala a × 0. Basi, tatsimikiza.

Tigwiritse ntchito zimenezi. Tikudziwa kuti 3 + (−3) = 0. Tichulukitse mbali zonse ndi −2. Kumanja tipezabe 0, monga tangoonera. Kumanzere tipeza (−2) × 3 kuphatikiza (−2) × (−3). Mbali yoyambayo ndi yosavuta: ngongole zitatu za 2 ndi ngongole ya 6, kutanthauza −6. Ndiye tili ndi −6 kuphatikiza (−2) × (−3), zonse pamodzi zikupanga 0. Funso: ndi nambala iti imene ukaiphatikiza ndi −6 umapeza 0? Ndi 6 yekha. Choncho (−2) × (−3) alibe kothawira, ayenera kukhala 6. Ukaika zilembo m'malo mwa 2 ndi 3, njira yake ndi yomweyi. Palibe mfumu ya masamu imene inangodzuka n'kulamula zimenezi. Ukangovomera lamulo lotsegula mabulaketi, minus ndi minus akakamizika kupereka plus.

Amene amakonda za ndalama aganize chonchi. Uli ndi ngongole zitatu pa golosale, iliyonse ya K200. Mwini golosale wakukomera mtima, wafufuta zonse zitatu m'kope mwake. Ngongole ndi minus, kufufuta ndi minus, koma iwe moyo wako wakwera ndi K600. Maganizo a ngongolewa si anga ayi. Katswiri wa ku India, Brahmagupta, analemba malamulo a ziro ndi manambala a minus m'chaka cha 628, ndipo ankawafotokoza ngati chuma ndi ngongole.

Pali phindu lina la kuzolowera umboni: sunamizidwa wamba. Taonani umboni wabodza uwu, ndipo musaone yankho musanayese kugwira wakuba.

Tinene kuti a = b.
Tichulukitse mbali zonse ndi a: a² = ab.
Tichotse b² mbali zonse: a² − b² = ab − b².
Tipange factorise: (a + b)(a − b) = b(a − b).
Tigawe mbali zonse ndi (a − b): a + b = b.
Ngati a ndi b onse ndi 1, ndiye kuti 2 = 1.

Eti amwene, 2 wafanana ndi 1? Zikanakhala zoona bwenzi tikulipira theka la fizi n'kunena kuti tamaliza. Mzere uliwonse ukuoneka waukhondo, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Nyerere zili pa mzere wachisanu. Popeza a = b, ndiye a − b ndi 0, ndipo tagawa ndi 0.

Nanga kugawa ndi 0 kumaletsedwa chifukwa chiyani? Nalonso si lamulo longoopseza. Timati 6 ÷ 2 = 3 chifukwa 3 × 2 = 6. Ndiye 6 ÷ 0 ikanakhala nambala imene ukaichulukitsa ndi 0 umapeza 6. Koma tatsimikiza kale kuti chilichonse kuchulukitsa ndi 0 ndi 0. Nambala yoteroyo kulibe. Nanga 0 ÷ 0? Apa vuto ndi lina: 5 × 0 ndi 0, 17 × 0 ndi 0, nambala iliyonse ikukwanira, ndiye palibe yankho limodzi loti tigwire. Mwaona mmene umboni umodzi ukuberekera unzake? Amene wamvetsa za ziro zija, wamvetsa zinthu zitatu ndi mtengo wa chimodzi.

Tipite pa simultaneous equations, zimene ambiri timazithawa ngati agalu olusa. Tiyerekeze kuti mnzako wagula makope awiri ndi bolopeni imodzi pa K1,300, wina wagula kope limodzi ndi bolopeni imodzi pa K800. Kope likhale x, bolopeni ikhale y. Ndiye 2x + y = 1300, ndipo x + y = 800. Tikachotsa yachiwiri ku yoyamba, x = 500, kenako y = 300. Zimenezi timakhoza ambiri.

Koma funso limene sitifunsa ndi ili: kodi nthawi zonse yankho limakhalapo? Tiyerekeze kuti mnzako wachiwiri uja wagula makope anayi ndi mabolopeni awiri pa K2,600. Ukayesa kuchotsa monga mwa chizolowezi, x ndi y onse asowa, utsala ndi 0 = 0. Woloweza amayamba kutuluka thukuta, kufufuta mpaka kubowola pepala. Womvetsa amaona kuti wachiwiriyo sanatiuze chatsopano. Wangobwereza za woyamba kawiri. Kope likhoza kukhala K500 bolopeni K300, kapena kope K600 bolopeni K100, ndi mayankho ena osawerengeka. Nanga akanati walipira K3,000? Pamenepo utsala ndi 0 = 400, zomwe ndi zosatheka. Yankho palibe. Mmodzi mwa awiriwo akunama, kapena anagula kosiyana.

Pali njira yodziwiratu usanayambe n'komwe. Tilembe ax + by = e, ndi cx + dy = f. Chulukitsa yoyamba ndi d, yachiwiri ndi b, kenako uchotse. Zonse za y zifafanizika, utsala ndi (ad − bc)x = de − bf. Kuti upeze x uyenera kugawa ndi ad − bc. Ngati nambala imeneyi si 0, yankho lilipo ndipo ndi limodzi lokha. Ngati ndi 0, wagundanso khoma lomwe lija la kugawa ndi ziro. Pa chitsanzo choyamba, 2 × 1 − 1 × 1 = 1, ndipo zinayenda bwino. Pa chachiwiri, 2 × 2 − 1 × 4 = 0, ndipo zinavuta. Nambala ya ad − bc imatchedwa determinant, ndipo ndi khomo lolowera m'masamu otchedwa linear algebra, amene amaphunzitsidwa ku yunivesite. Ife taifika ndi nzeru za Folomu 2 zokha, pongofunsa chifukwa.

Musaganize kuti masamuwa anayambira m'maofesi a anthu ovala mataye. Ku China kuli buku la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limene m'Chingerezi amalitcha Nine Chapters on the Mathematical Art. Mmenemo muli mafunso a mitolo ya mbewu, yabwino, yapakati ndi yotsika, ndipo ankapeza zokolola za mtolo uliwonse pochotserana mizere ya manambala, monga momwe tachitira ndi makope athu aja. Anali mafunso a alimi, ngati makolo athu. Ngakhale dzina lakuti algebra linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, a m'buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo m'bukumo muli masamu a malonda, kuyeza minda ndi kugawa chuma cha masiye.

Chitsanzo chomaliza ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri. Akuluakulu athu a Folomu 3 ndi 4 akakumana ndi (x − 2)(x − 3) = 0, amati x ndi 2 kapena 3. Amadalira lamulo lakuti manambala awiri akachulukitsana n'kupereka 0, imodzi mwa iwo iyenera kukhala 0. Umboni wake ndi waufupi: ngati ab = 0 ndipo a si 0, gawa mbali zonse ndi a, utsala ndi b = 0. Koma tayang'anani wotchi ya mivi. Pa wotchi 9 + 5 ndi 2, chifukwa maola asanu kuchokera 9 koloko ndi 2 koloko. Pamenepo 12 amagwira ntchito ya 0, popeza ukaonjezera maola 12 muvi umabwerera pomwe unali. Tsono 3 × 4 ndi 12, kutanthauza 0. Manambala awiri, palibe amene ali 0, koma apereka 0! Lamulo lija pa wotchi lafa, chifukwa pa wotchi palibe nambala imene ungachulukitse ndi 3 n'kupeza 1, choncho kugawa ndi 3 sikutheka. Koma ukawerenga masiku a sabata, pomwe 7 ndiye 0, lamulolo limakhalabe moyo, chifukwa 7 ndi prime number, sangathyoledwe ngati 12. Masamu ofufuza kuti lamulo liti limagwira ntchito kuti, ndiponso chifukwa chiyani, amatchedwa abstract algebra. Woloweza amayesa lamulo ndi lamulo paliponse. Womvetsa amadziwa mwendo umene lamulolo laimira.

Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima. Choyamba, mukuti mayeso a JCE amafuna mayankho, osati nzeru zonsezi. Koma a MANEB sabwera ndi mafunso omwe ali m'kope mwako. Amasintha manambala, amatembenuza funso. Ukakhala kuti unangoloweza, lamulo likathawa ndiye kuti lathawa. Ukakhala kuti unamvetsa, umalimanganso wekha pa pepala la pambali m'mphindi imodzi. Ndiponso aphunzitsi amatiuza tsiku ndi tsiku kuti tizionetsa njira yonse, osangoponya yankho. Kuonetsa njira ndi umboni umene ndikunenawu, kungoti wavala yunifolomu.

Chachiwiri, mukuti nthawi tilibe. Izi ndi zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Ife sitili ngati anzathu a sukulu zogonera komweko, amene ali ndi magetsi ndi nthawi yowerenga usiku. Timadzuka kusanache, ena timayamba tapita kumunda kapena kumjigo, timayenda mtunda wautali, pobwerera ntchito ikutidikira, ndipo usiku mabatire a tochi atha. Buku limodzi timalimbirana anthu ambiri. Koma ine ndikuti chifukwa chomwechi ndi chimene kuloweza sikutiyenera. Kuloweza kumafuna buku pafupi ndi nthawi yobwereza kambirimbiri, zomwe ife tilibe. Chinthu chimene wachimvetsa umayenda nacho m'mutu, ukhoza kuchibwereza uli pa njira kapena ukupalira. Physics ndi Chemistry zimafuna labu. Umboni wa algebra umafuna kamtengo ndi dothi basi. Pa phunziro ili lokha, mwana wa kumudzi ndi mwana wa m'tauni ali ndi zida zofanana.

Chachitatu, mukuti kufunsa aphunzitsi kuti "chifukwa chiyani?" ndi mwano. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akanena, mwana amvere, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma kufunsa chifukwa cha lamulo la masamu si kuderera aphunzitsi. Kukweza dzanja n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi, tathandizeni kumvetsa pamene lamuloli lachokera," ndi ulemu waukulu kuposa kugwedeza mutu usanamve kanthu. Pa masamu chinthu sichikhala choona chifukwa wanena ndi wamkulu. Brahmagupta yemwe uja, ndi nzeru zake zonse, analemba kuti 0 ÷ 0 ndi 0, ndipo akatswiri obwera pambuyo pake anakana, chifukwa umboni sunavomereze. Akulu akale anati safunsa anadya phula.

Ndipo pano ndilankhule ndi ife eni ake. Nthawi zambiri amene amatseka pakamwa wofunsa si aphunzitsi, ndi ife a m'kalasi. Wina akangofunsa, kumbuyo kumayamba phokoso: "Akutichedwetsa awa," "Akudzionetsa." Akakhala mtsikana ndiye kuseka kumachita kunyanya, ngati masamu ndi munda wa anyamata. Amene mumaseka inu, dziwani kuti mmodzi mwa anthu amene anamanga abstract algebra ya masiku ano anali mayi wa ku Germany, Emmy Noether, amene anabadwa mu 1882 n'kumwalira mu 1935. Anagwira ntchito pa yunivesite zaka zambiri osalandira malipiro chifukwa choti anali mkazi, koma lero dzina lake lili m'mabuku a masamu dziko lonse. Ukamaseka wofunsa, ukuseka munthu amene akufunsa funso limene iwenso sukulidziwa yankho.

Ndiye pempho langa ndi ili. Kwa aphunzitsi athu a masamu, mwaulemu wonse: tikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo m'kalasi tadzaza, koma mukamatipatsa lamulo latsopano, tipatseniko mphindi zisanu za chifukwa chake. Kwa anzanga a Folomu 1 mpaka 4: tigwiritse ntchito bolodi lino. Sabata iliyonse wina alembe funso limodzi lofuna umboni, ena tiyese, amene wapeza amate pepala lake pansi pa funsolo, enafe tifufuze ngati mulibe nyerere. Mutu umodzi susenza denga. Sizifuna ndalama, sizifuna magetsi, zingofuna pepala la pakati pa kope ndi phini imodzi.

Ndiyambe ine. Tenga manambala atatu aliwonse ondondozana, monga 4, 5 ndi 6, uwaphatikize. Ine ndikuti yankho lake limagawika ndi 3 nthawi zonse. Usandibweretsere zitsanzo, ngakhale zikhale 40. Tcha nambala yoyambayo n, uone chimene chichitike. Pepala lako ndilipeze pano Lachisanu.

Wanu mnzanu wa Folomu 2